Besi ya M'mtsuko wa a Shalva

Pulani inabadwira pansi pa mtengo ku Telavi, Lachinayi masana, botolo la chacha, kachasu wathu wa mphesa, lili pakati. Anaibereka ndi Jemali, wotchedwa Pulofesa chifukwa chovala magalasi a malemu amalume ake. Koma mwini vuto anali Gocha, amene anzake ankamuti Mgolo, ndipo aliyense womuona sankafunsa chifukwa. Mwana wake Ketino ankakwatiwa Lamlungu. Gocha anali atadziguguda pachifuwa pamaso pa asewere ake kuti vinyo yense wa pa ukwati achokera m'munda mwake, chonsecho mundawo matalala anali atausasantha kalekale.

Pulofesa anati nkhaniyo ndi yaing'ono. Nyengo yokolola ino, kwa a Shalva, mlimi wa mphesa wosunga vinyo wambiri kumunsi kwa Sighnaghi, aliyense amalawirira kumunda, ndi galu yemwe. Payipi imodzi, zigubu khumi, theka la ola, basi. Gocha atakumbutsa za lamulo loletsa kuba, Pulofesa anayankha kuti ngakhale ku Kana mkulu wa phwando sanadziwe kumene vinyo anachokera. Vano, wowonda uja amamuti Singano, anavomera msanga, poti galimoto inali yake.

M'mawa mwake ananyamuka. Galimoto inafa kawiri asanafike ku Gurjaani, ndipo pa chitunda cha ku Sighnaghi anachita kuikankha. Pa tchalitchi chilichonse Gocha ankadzilemba mtanda, mpaka mkono unatopa.

Kwa a Shalva kunalidi zii. M'nyumba ya vinyo, mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa pansi inali yasamuyasamu, yotsukidwa kudikira mphesa zatsopano. Umodzi wokha unali womatidwa. Atasuntha mwala wovundikira, fungo la vinyo linadzaza nyumba yonse.

Pulofesa anati munthu wanzeru sanyamula katundu asanalawe. Pakhoma panali nyanga yomwera, ndipo nyanga siikidwa pansi isanathe. Komanso ndani kwathu kuno amamwa duu ngati ng'ombe? Pulofesa anadziika yekha kukhala tamada, wotsogolera mawu pa chakumwa. Anayamba ndi Mulungu, kenaka mtendere, kenaka akufa, ndipo Singano analirira bambo ake. Gocha anakumbutsa za payipi.

"Aise Mgolo, timwere akufa, ana tiwasiye osawadalitsa? Ndi Ketino yemwe?" anatero Pulofesa.

Gocha analandira nyanga. Anamweranso mwini nyumba, kuti Ambuye amutalikitsire masiku ndi kumuteteza kwa akuba. Zigubu zinali zikadali m'galimoto pamene thirakitala inalira pachipata.

Aliyense analowa mumtsuko wake. Singano anangoti tsomphoo. Gocha anafinya mimba, kupuma anasiya, n'kugwera pansi ngati Yona m'mimba mwa chinsomba.

Okolola anatula madengu pakhomo n'kuyamba nyimbo yoyamika Mulungu chifukwa cha zokolola. Mawu apamwamba anali bwino, apakati nawonso. Koma besi ankaimba ndi mkamwini wa a Shalva, ndipo ankangoyenda m'tchire ngati nkhosa yotayika. Tsono Gocha anaimba besi m'tchalitchi zaka makumi awiri asanakangane ndi wansembe. Analuma chipewa. Anatseka makutu. Anapemphera kuti mkamwiniyo atsamwe. Pa ndime yachiwiri munthu uja anaphonyanso pamalo pomwe paja, ndipo mtima wa Gocha unakana.

Besi inatuluka pansi pa nthaka, mtsuko n'kuikuza mpaka madengu ananjenjemera. Amayi anadzilemba mtanda, koma nyimbo sinaime, pakuti palibe amene amadula nyimbo ikayamba kukoma. Singano naye analowerera ali mumtsuko mwake. Itatha, mumtsuko wina munamveka mawu achitatu, a Pulofesa, akuti, "Khalani chete, zitsiru inu, atimva."

A Shalva anagwada ndi kusuzumira mumtsuko wa Gocha.

"Muli bwanji m'menemo, achimwene?"

"Ndili bwino, bambo, kaya inu. Koma mkamwini wanuyu asamaimbe."

"Nanenso ndimamuuza. Mwabwerera zomwezo?"

Panafunika amuna anayi ndi botolo la mafuta ophikira kuti amuzule. Ali chiimire, noninoni ngati nkhumba yowotcha, Gocha anaulula zonse: matalala, asewere, Lamlungu. Pulofesa ndi Singano sanatulutsidwe. Anangowaponyera zokwechera kuti, poti alimo kale, atsukenso.

A Shalva anasisita ndevu nthawi yaitali, Gocha akuganiza za apolisi ndi nkhope ya Ketino.

"Mwana sanalakwe," anatero mkuluyo. "Vinyo ndibweretsa ndekha, sadzatha."

Gocha anafuna kuwapsompsona dzanja, koma iwo analibweza.

"Musafulumire, achimwene. Tamada pa ukwatiwo ndikhala ine. Ndipo ikadzafika nyanga ya bambo wa mkwatibwi, ndidzafotokoza bwinobwino, pang'onopang'ono, mmene tinadziwanirana."