Aliyense Akufuna Kulowa mu Foda

Lolemba

Miyezi yanga yoyesedwa pa ntchito ikutha Lachisanu. A Makwinja, bwana wathu pa ofesi ya alimi pano pa Boma, akuti kalata yondikhazikitsa asaina akaona makompyuta onse sikisi akutsegula fayilo ya mayina popanda chovuta. Mu fayilomo muli mamakro, timalamulo tobisika timene timasindikiza tokha matikiti olandirira mbewu ya mbwanda. Tsoka lake mavayirasi amabisalanso momwemo, ndiye kompyuta ikangoona mamakro imakana.

Pulani yanga:
1. Mamakro atsekedwe paliponse.
2. Pa netiweki pakhale foda imodzi, yokhayo ndiye kompyuta iziikhulupirira.
3. Woika zinthu mu fodamo ndine ndekha. Ena aziwerenga basi.

Pofika 3 koloko ndamaliza. Ndikudzigulira tchipisi cha mazira. Ndine katswiri, anthu sakudziwa chabe!

Lachiwiri

Mayi Namakhwa, alembi athu, ayesa kuika fayilo mu foda, kompyuta yawakaniza. Moni wanga sakuyankha. Tiyi wafika, kapu yanga kulibe.

"Ndinayamba ntchito muno inu musanamere mano. Lero makina andiuze kuti ndilibe chilolezo?"

Ndikufotokoza kuti nkhaniyi si ya ulemu. Ndikungolankhula ndi msana wawo. Bwana andikokera pakhonde: "Achimwene, amenewa ndi mayi anu. Atsegulireni."

Ndatsegula. Tilipo awiri. Zikundiwawa, koma kalata sinasainidwe.

Lachitatu

Bwana abwera ndi funso: alembi angalowe bwanji pamene bwana akugogoda panja? Atatu.

Alangizi awiri amva. Akuti amene amaponda matope ku Ndunde kulemba mayinawo ndi iwo. Asanu.

A Jafali, adalaivala, alibe ndi kompyuta yomwe! Koma akuti pakagwa zovuta kwa wina wa mu ofesi muno amene amanyamula bokosi ndi iwo, ndiye asamasalidwe. Sikisi. Asa!

Masana ndikupeza pasiwedi yamatidwa pakhoma, pambali pa kalendala, zilembo zikuluzikulu. Akuti kuchitira akuluakulu ovutika maso. Abale, ndinapitiranji ku sukulu ine?

Lachinayi

Zomwe zili mu foda lero:
zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa mayi Namakhwa
nyimbo za kwaya
kalata ya a Jafali yofunsira ntchito kwina
mafayilo a mayina anayi, lililonse lolembedwa kuti "lenileni"

Ndaitanitsa msonkhano. Ndikunena pang'onopang'ono ngati ndili ku sukulu ya mkaka: cholowa mu foda iyi kompyuta siichifufuza, imangochikhulupirira. Chonde, fulashi yochokera kunja ayi. Onse akugwedeza mitu. Bwana atseka ndi pemphero.

Potuluka a Jafali andisisita paphewa: "Musade nkhawa, yangayi singadwale. Ndimaisunga m'kajumbo, fumbi siliikhudza."



Lachisanu

Zachitika! Fulashi ya m'kajumbo ija inali ku Limbe dzulo kokopetsa nyimbo. M'mawa uno nyimbozo zalowa mu foda pamodzi ndi vayirasi.

Makompyuta onse sikisi agwa. Fayilo ya mayina sikutseguka. Makina osindikizira akulavula mapepala a zilembo zosadziwika, sakuleka. Alimi a ku Ndunde ali panja ndi njinga zawo kudikira matikiti, ena sanadye kanthu chichokereni. Agogo wina asuzumira pawindo: "Kodi ana inu, makinawo atopa?" Manyazi andigwira.

Tikulemba matikiti pamanja mpaka dzuwa kupendeka. Mayi Namakhwa akulemba akuimba. Akuti kale ankatero ndipo palibe anafa.

Ndafunsa za kalata. Bwana akuti lero si tsiku lake.

Loweruka

Ndili ndekhandekha mu ofesi kutsuka makompyuta. Anzanga onse ali ku ukwati ku Magomero. Mwamwayi mayina ndinawasunga pena, apulumuka. Makompyuta asanu achira. Ya bwana ili m'chipinda chokiya, kiyi apita naye kovina.

Uthenga wa mayi Namakhwa pa foni: "Zithunzi zanga zisasowe."

Zasowa. 

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi bwana andiimitsa pa geti, akumwetulira bwinobwino. Akuti dzulo ku ukwati akuluakulu anakhala pansi n'kukambirana. Kale kunalibe foda, kunalibenso mavuto. Komabe fodayo ikhalepo poti anthu aizolowera. Pasiwedi isachoke pakhoma. Kungoti amene anayambitsa zonsezi ayambe wapuma kaye kuikamo zinthu. Kuyesedwa kwanga awonjezera miyezi ina itatu, akuti ndi chifundo.

Ndati zikomo bwana. Ndinenenji?

Mu ofesi yonse wodziwa kuchotsa dzina la munthu pa foda ndine ndekha. Mawa ndilawirire, ndikachotse langa.