Kamba wa Pakagalasi ka Njinga Yanga

Lolemba

Yafika! Njinga yamoto yamagetsi, yobiriwira ngati munda wa tiyi. Simwa mafuta, silira, imangoti shii. Limbuli yense waunjikana pakhomo panga. Pachiwongolero pali kagalasi kosonyeza makilomita amene atsala m'batire, ndipo lero nambala yake ndi yonenepa.

Loweruka kuli chinkhoswe cha mlamu wanga Esinati ku Likhubula, kwa amalume ake. Apongozi anga ndiwo atenge msoti woti ankhoswe akasinthane ndi tambala wa kuchimuna. Popanda msotiwo palibe chinkhoswe. Amafuna kukwera minibasi, koma ine ndati ayi, amayi mukwera yanga. Ndanenera pagulu, a Bwanali, mkamwini mnzanga wa njinga ya petulo, ali pomwepo.

Apongozi ayankha akuyang'ana kumbali monga mwa mwambo: "Bola tikafike, abambo a Tadala."

Tikafika. Chikhalireni pamudzi pano ndimangotchedwa mkamwini wa pakamwa. Loweruka aona.

Lachiwiri

Kuyesa. Ulendo wa ku Chinakanaka, kupita ndi kubwera. Kagalasi kakuti ndifika ndipo chenji itsala.

Phula ndi losalala, ndakoka moto mpaka kumapeto. Ndadutsa minibasi! Ndadutsa thirakitala ya kuesiteti! Koma nambala ija ikutsika ngati mchere m'nyumba ya alendo. Ndikayenda kilomita imodzi, iyo yadya ziwiri.

Pobwera, pakagalasi payaka kachithunzi ka kamba. Kamba weniweni, mutu ndi miyendo yomwe. Njinga yakana kuthamanga. Ndalowa m'mudzi ndikukwawa, n'kumapereka moni kwa aliyense kuti aziona ngati ndikuchitira dala.

Ndamuimbira wogulitsa uja. Akuti: "Nambalayo imaganiza kuti muyenda modekha, bwana. Mukathamanga, mphepo imakukankhani ndipo batire ndiye amalipira." Tsiku logula sananene zimenezi. Kapena ananena, ine ndili kalikiliki kusisita mpando.

Lachitatu

Lero modekha. Zoonadi, nambala ikutsika mwaulemu. Pamtsetse yachita kukwerako pang'ono, ndafuula ndekha pamsewu!

Koma manyazi ake. Andidutsa:
wakabaza wa njinga yakapalasa,
mayi wonyamula chinangwa pakeliyala,
ndi bambo wina womanga mbuzi kumbuyo. Mbuziyo inandiyang'ana mpaka pakona.

Wakabaza anatembenuka n'kuti: "Achimwene, mwagula yodwala kale?"

Ndiye zosankha zilipo ziwiri: kuthamanga n'kufera panjira, kapena kufika ndikusekedwa. Zonse n'zowawa.

Lachinayi

Chiperoni. Phiri silikuoneka, kamvula kakuwaza, mphepo ikuchokera kutsogolo kulikonse kumene ndaloza. Batire nalo limamva kuzizira, lero laphwa msanga kuposa dzulo.

Ndati ndiyese ndi katundu. Ndamanga thumba la chimanga pampando wakumbuyo n'kukwera nalo chitunda cha kumunda. Matope, matayala ofewa, nambala waa!

Zodya batire zimene ndazipeza: liwiro, chitunda, mphepo, kuzizira, matope, tayala lopanda mpweya, thumba la chimanga. Mwachidule, Mulanje.

Mayi a Tadala andipeza ndikumasula thumba. Afunsa kuti chimanga chimakaona chiyani kuchitunda. Pakamwa panga pandipereka: ndati ndimayerekeza kulemera kwa amayi.

"Mayi anga ndi thumba?"

Chakudya cha masana ndadya ndekha, chozizira.

Lachisanu

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Abwera madzulo, aphethira, apitanso. Batire ladzaza mopitirira theka, basi.

Mayi a Tadala akuti ndikawauze amayi akwere minibasi, palibe amene afe. Iwo ndi Tadala anyamuka lero kukathandiza zophika. Ndikanavomera, koma a Bwanali adutsa pano akuliza njinga yawo n'kufunsa ngati ndikufuna chingwe chokokera mawa.

Ndawerengera. Ndikayenda ngati Lachitatu, tifika. Ndapopa matayala. Ndalumbira kuti sindithamanga, olo andidutse agogo a ndodo.

Ndikuopa.

Loweruka

Ndingolemba momwe zayendera.

M'mawa apongozi atulukira ndi msoti, dengu la miphika, malichero awiri ndi kamtondo. Kamtondo! Thumba lija linali lopepuka. Akhala chammbali, agwira keliyala, chifukwa mkamwini sagwidwa m'chiuno.

Tayamba bwino. Pang'onopang'ono, minda ya tiyi, kagalasi kakumwetulira. Kenako hutala kumbuyo: a Bwanali, mkazi wawo pambuyo, vuu! Atikwezera dzanja ngati akutsanzika anthu otsala pamudzi.

Apongozi angoti: "Ija ndiye imayenda."

Mawu atatu okha. Lumbiro langa lathera pomwepo. Ndakoka moto, ndawapeza, ndawadutsa, msoti ukukuwa, malichero akuomba m'manja. Ndinali mfumu mpaka pa Boma. Apo a Bwanali akhota kukamwetsa mafuta, ine ndaseka mokweza.

Titakhotera msewu wa ku Likhubula, kamba uja wayaka. Amati kamba amanyera amene wam'tola, lero ndamvetsa. Njinga yakwawa, yakwawa, yazima. A Bwanali adutsanso osatiyang'ana n'komwe.

Koma taonani mwayi: patsogolo pathu pamsewu pali masamba. Maliro! Ndatsika msangamsanga, ndavula chipewa, ndayamba kukankha nkhope ili pansi. Apongozi atsika nawo, agwedeza mutu mokhutira. Tadutsa pasiwa mwaulemu wonse.

Vuto la masamba ndi lakuti amakhala mbali ziwiri. Tadutsa achiwiri aja. Akabaza onse akwera njinga zawo. Ine ndikukankhabe.

"Abambo a Tadala, masamba atha."

"Malemuwa ndimawadziwa, amayi. Bambo wabwino kwambiri. Mtima sukundilola kukwera msanga."

Tayenda. Takumana ndi mayi wosenza nkhuni zopita pamaliropo, apongozi amupepesa n'kufunsa kuti watisiya ndani. Akuti ndi gogo wamkazi, wa kumpingo kwawo.

Apongozi amanga msoti kumsana ndi chitenje ngati khanda, asenza dengu. Pachitunda njinga yandilemera, yayamba kubwerera m'mbuyo. Kenako yapepuka. Nditacheuka, ndaona dzanja la apongozi pakeliyala. Akukankha. Mayi wobereka mkazi wanga, nsalu yatsopano, akukankha njinga yanga mumatope! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Tafika dzuwa litapendeka. Akuchimuna akhala ndi tambala wawo mpaka wagona. Ena ayamba kunong'ona kuti mwina akuchikazi asintha maganizo. Esinati maso ali psuu ndi kulira. A Bwanali atsegula kale pakamwa kuti ayambe.

Apongozi awatsogolera, mokweza kuti onse amve: "Pepani, tachedwa ndi maliro panjira. Mkamwini wangayu ndi waulemu, pamaliro sakwera njinga."

Amalume a Esinati andigwira chanza ndi manja awiri. Nkhuku zasinthidwa, nthungululu zalira. Apongozi akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Lamulungu

Ndagona ku Likhubula, njinga ikutchaja pasitolo ina. Apongozi abwerera pa minibasi. Sindinawakakamize.

Ndabwera ndekha, modekha, mphepo ili kumbuyo. Ndafika batire lisanathe n'theka lomwe. Njira yomweyo, njinga yomweyo. Wandidutsa wakabaza wina, ndamupatsa moni.

Nkhani ya ulemu wanga yafika kale ku Limbuli. Akumpingo akuti andiika m'komiti ya zamaliro.

Madzulo ano mayi a Tadala abwera kuchokera kwa amayi awo atanyamula nthambi ziwiri za mango, aziika pampando wa njinga. Akuyesetsa kusaseka.

"Amayi akuti muziyenda nazo. Akuti si paliponse pamene mudzapeze maliro."

Ndazimanga pakeliyala.