Tsiku limene ndinakhalira mpando wa Chisomo

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuinena pagulu, koma manyazi ake ndi anga, ndiye bola muimve kwa mwini wakene.

Mwana wanga wamkazi, Chisomo, anaitanidwa kukalemba mayeso olowera ku yunivesite ina kuno ku Joni, pulogalamu ya madigiri awiri nthawi imodzi: zamalamulo ndi uinjiniya. Awiri, anthuni! Ine Fomu 4 yomweyi ndinachita kubwereza. Malo ndi ochepa zedi, ofuna ndi khwimbi, ndipo ukaphonya tsiku limenelo basi, udikire chaka chamawa.

Tsono ine masamu sindidziwa, koma mzere ndimaudziwa. Zaka zonsezi zothamangitsa mapepala a pemiti zinandiphunzitsa kuti wofika mochedwa amabwerera. Ndinapempha off kuntchito kwanga ku warehouse ku Marlboro, ndinamulanda Chisomo envelopu ya kalata yomuitanira ku mayesowo poopa kuti angaitaye, n'kukaima kutsogolo kwenikweni pakhomo la holo.

"Adadi, m'mimba mwandipotokola, ndikubwera!" anatero Chisomo, n'kuthamangira kuchimbudzi.

"Pita mwanawe, malo ndakugwirira!"

Chitseko chitatsegulidwa, anthu anayamba kukankhana. Mayi wa pakhomo anangoyang'ana kalata ija, osandiyang'ana nkhope. "Chisomo? Seat twelve, quickly!"

Ine mumtima ndinati eee, masukulu apamwamba ndi ena, mpaka makolo amatisungira mipando! Ndinakhala pansi n'kukonza jekete.

Pocheuka, kholo panalibe ndi mmodzi yemwe. Ana okhaokha, ali zii, mapensulo m'manja. Chitseko chinatsekedwa, pepala n'kufika patebulo panga.

Funso loyamba ndinaliwerenga katatu, osadziwa ngakhale pamene likuyambira. Mtsikana wa pambali panga anali atatembenuza kale tsamba. Ndinangoti kukamwa yasa, kuwaonerera anawo mpaka tsemwe. Kodi mwana wanga yemwe ndimamukalipira za mbale uja ndi wa gulu limeneli? Kudzuka ndinkaopa, kungokhala ndinkachita manyazi, ndiye ndinagwira pensulo n'kuyankhako funso lija.

Kenako kunja kunamveka kulira. "Adadi! Tulukani, Adadi!"

Anatitengera pambali tonse awiri. Mkulu wa mayesowo, mayi wa magalasi, sankaseka. Anati kulembera munthu mayeso ndi mlandu, ndipo Chisomo achotsedwa pa mndandanda. Ine pomwepo mawondo pansi.

"Sorry mama, please! Ine ndimangogwira malo!"

Mayiyo anatenga pepala langa n'kuwerenga yankho lija. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso. Anaonetsa mnzake. Mnzakeyo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Mwanayu alowe akalembe," anatero mayiyo m'Chingerezi. "Bambo awa palibe angawalembe ganyu yomulembera mayeso."

Chisomo anamutenga ku yunivesiteko, pano ali chaka chachiwiri. Umbuli musamaunyoze, abale, wanga unandiikira umboni.