Matenda Obwereka

Mpaka lero ndikamva fungo la sipiriti wa kuchipatala, thako langa lakumanja limakumbuka zinthu zimene mutu unayesetsa kuiwala. Nkhaniyi ndakhala ndikuikhalira, koma popeza achibale amaifotokoza kale pamaliro ndi pamaukwati a eni, ndiponso amaithira mchere wambiri, bola muimve kwa mwiniwake.

Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza maphunziro, digiri ili m'sutikesi, ine ndili pakhonde ku Mtendere mu Lusaka kuonerera maminibasi. Ndiye mphunzitsi wathu wina wa ku yunivesite, Dokotala Mwanza, mayi wosaseka wamba, anandiitana pa kafukufuku wawo. Ankafuna kudziwa mmene anamwino a m'makiliniki a m'makomboni amasamalirira odwala akamaganiza kuti palibe akuwaona. Njira yake inali yotumiza odwala abodza. Akuluakulu a zaumoyo anavomera, ndipo makiliniki anauzidwa kuti anthu otere adzabwera, koma osawauza kuti ndani kapena liti.

Anatipatsa malamulo. Uziyankha zimene wafunsidwa basi. Usalole jakisoni. Ukaona wokudziwa, tuluka. Ndipo usauze munthu, ngakhale mayi ako okubereka, mpaka kafukufuku atatha.

Anzanga anapatsidwa matenda aulemu, wina chifuwa, wina mphumu. Ine anandipatsa chinzonono. (Ndinafunsa chifukwa chake. Dokotala anati nkhope yanga ndi yoyenerana ndi nkhani zotere. Mpaka pano sindidziwa ngati kunali kundiyamikira.) Koma ndisaname, ndinanyada. Kutchalitchi ndine ndinkasewera mwana wolowerera, ndipo ndikafika podya ndi nkhumba azimayi ankapukuta misozi ndi zitenje.

Pano ndikudziwitseni Esinati. Anali bwenzi langa la ku Kalingalinga, woimba kwaya, ndipo amalume anga anali atapereka kale nsalamu, mbale zija zofunsira mbeta. Tsiku lokambirana za ukwati linali pafupi. Bambo ake anamwalira kalekale, ndiye mawu omaliza pabanjapo anali a azakhali ake, namwino amene ndinkadziwa kuti amagwira ntchito ku Chainda. Ndinali nditakumana nawo kamodzi kokha, ine nditagwada, maso pansi monga ufunira mwambo. Mapazi awo ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope.

Ananditumiza ku kiliniki ina ku George, mbali ina ya tauni, kumene ngakhale galu sandidziwa. Ndinalembetsa dzina loti Joni Banda, n'kukhala pabenchi ndikusuntha-suntha ngati ndakhalira linthumbu. Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Namwino anali atavala masiki, akulemba.

"Vuto ni chani, ba Banda?"

"Sisita, nikayenda kukataya madzi nimvela monga moto."

"Munagonapo na munthu wachilendo?"

Apa ndinayenera kungoti inde, kamodzi, n'kutseka pakamwa. Koma mwana wolowerera anadzuka mwa ine. Ndinapumira m'mwamba, n'kuyamba. Ndinafotokoza za bala ina yomwerako mowa ku Chipata komboni. Ndinaumba mkazi wathunthu, dzina lake Jeni, wa dzino lagolide ndi wigi yofiira. Ndinati si kamodzi, ndi kumapeto kwa mwezi kulikonse. Ndinawonjezera kuti ndili ndi kamtsikana kena ka kutchalitchi kofuna ukwati, koma kameneko sikadziwa kanthu. (Palibe anandifunsa zimenezo. Ndinangoona kuti nkhani ikukoma.)

Pomaliza ndinaweramitsa mutu kusonyeza manyazi, monga ndinkachitira posewera. Maso anga anagwera pansi pa tebulo. Pa kakolo wa namwinoyo panali chipsera chooneka ngati nyemba, chomwe ndinachiyang'anitsitsa tsiku lija ndinagwada ku Kalingalinga. Azakhali a Esinati anali atawasamutsa kuchoka ku Chainda, ine osadziwa.

Anaika cholembera pansi, n'kutsitsa masiki pang'onopang'ono.

"Ba Joni Banda," anatero. "Kunyumba munabwela na dzina inangu."

Ndinafuna kugwada, koma kachipindako kanali kothina.

"Khalani chabe. Pano ndine nasi, ndipo vamene mwakamba visala muno, sinizauza munthu. Manje lamulo ikamba kuti wamene mugona naye afunika mankhwala nayeve. Nifunse bwino. Mwana wa m'bale wanga afunika kubwela?"

"Awe, ba anti! Esinati sitinachitepo chilichonse, nalumbila!"

"So ni uja wa dzino ya golide chabe."

Owerenga, mukanatani? Kunena kuti ndi Esinati kunali kumupaka matope mwana wosalakwa. Kunena zoona kunali kupha kafukufuku yense, pakuti anzanga ena anali asanafike pa kiliniki imeneyo. Ndinasankha kudzikwirira ndekha.

"Ni uja chabe, ba anti."

Atatchula za jakisoni ndinakumbuka lamulo, ndipo ndinati ndimaopa nyeleti.

"Jeni simunamuyope," anayankha.

Mkamwini sakana mawu a apongozi kawiri. Koma mwambo anausunga ndithu: anati iwo sangaone thupi la mkamwini wawo, ndiye anaitana mnzawo, a Lungu, bambo wa mikono ngati wonyamula matumba a makala. Anawauza kuti wodwala uyu asamalidwe mwapadera. A Lungu anandisamaladi. Ulendo wonse wobwerera ku Mtendere ndinakhala ndi thako limodzi, kondakitala n'kumandifunsa ngati ndikufuna kutsika.

Nditawafotokozera Dokotala Mwanza, ndinaona mano awo koyamba. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atatha anandikalipira za jakisoni ndi za Jeni, kenako anayamba mafunso awo. Anakulandira mwaulemu? Inde. Anafunsa za mnzako wogona naye? Inde, mopitirira. Analonjeza kusunga chinsinsi? Inde.

"Ameneyo ndiye namwino," anatero mokondwa.

"Nanga ukwati wanga, Dokotala?"

"Ukwati sumathawa. Udikire timalize."

Tsiku la zokambirana linafika. Azakhali anasungadi chinsinsi, ndipo ndikulakalaka akanangoulula. Atapemphedwa kutsegula ndi pemphero, anapempherera anyamata onse a mu Lusaka okhala ndi mayina awiri. Anapempherera odwala kuti azimaliza mapiritsi awo. Amalume anga, osadziwa kanthu, ankangoyankha amen mwamphamvu. Esinati atabwera ndi beseni kuti andisambitse m'manja, azakhali analilanda n'kundisambitsa okha, ndi sopo wambiri. Kenako ananena mofatsa kuti ukwati uyambe waima. Atafunsidwa chifukwa, anati mkamwini akudziwa.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana chipsera chija.

Madzulo ake Esinati anandipeza pa siteji ya basi, maso atafiira.

"Ba anti bakuti nikupemphelele maningi. Unachita chani?"

"Nizakuuza kusogolo, mami."

Pa mayankho onse amene mwamuna angapereke, limeneli ndiye lachitsiru kwambiri. Anasiya kuyankha foni. Posakhalitsa ndinamva kuti mkulu wa kwaya, amene anali ndi kagalimoto, wayamba kumuperekeza kunyumba akatha kuimba. Apa nthabwala zinandithera. Mtsikanayo ndinkamukonda, ndipo ndinaona kuti ndikumutaya chifukwa cha mkazi amene ndinamupeka ndekha. Chakudya chinasiya kulowa ndipo ndinaonda. Azakhali atandiona kutchalitchi anapukusa mutu, n'kundinong'oneza kuti ndipitenso akandipime zina.

Kafukufuku anatha mvula itayamba. Dokotala anaitana anamwino ku holo ina m'tauni kuti awauze zimene anapeza. Anayamikira kiliniki ya ku George pa kusunga chinsinsi, azakhali n'kumagwedeza mutu pampando wakutsogolo. Kenako anati odwala abodza aimirire kuti anthu awaombere m'manja. Ndinaimirira ndi chifuwa chonse. Holo yonse inaomba m'manja kupatula munthu mmodzi.

Pa nthawi ya tiyi anandikodola panja.

"So munalibe matenda."

"Ninalibe, ba anti."

"Na Jeni kulibe."

"Kulibe."

"Na dzino ya golide? Na wigi?"

"Ninapanga chabe."

Ndinayembekeza kuti apepese za a Lungu. Ndinali nditakonza kale nkhope ya munthu wokhululuka. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nakalambila pa nchito iyi," anatero. "Odwala bonama nimabagwila bakalibe kukhala pansi. Koma imwe munanigoneka. Matenda yaja yenze na nyeleti, yakanasila. Manje mwamuna wonama bwino so, nizamulasa na chani?"

Anamuuza okha Esinati zonse, popeza tsopano sichinalinso chinsinsi cha wodwala. Esinati analira, kenako anaseka, kenako anandifunsa kuti mawu oti "kamtsikana kosadziwa kanthu" analembedwanso ndi Dokotala kapena anali anga. Funso limenelo linanditengera milungu yambiri yopepesa, koma wa kagalimoto uja anabwerera kukaimbitsa kwaya yake, ndipo ukwati unachitika.

Mtengo wake ndikulipirabe. Kunyumba kwanga ndikafotokoza chinthu momveka bwino, mwadongosolo, palibe amandikhulupirira. Ndikachedwa chifukwa msewu wadzaza madzi ku Kanyama, ndimayenera kuchita chibwibwi pofotokoza, apo ayi Esinati amangoti, "Wayamba, Joni Banda."

Mungaganize kuti ndinatengapo phunziro. Posachedwapa Dokotala Mwanza anaimbanso foni, ati pali kafukufuku wina ndipo akufuna odwala odziwa ntchito. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, koma ndinati ndifunse kaye kunyumba. Esinati anaganiza pang'ono, n'kuvomera kuti ndipite, bola matendawo asankhe ndi azakhali.