Ngalawa Yomwe Anandisiyira Wansembe

Lolemba
Wansembe wachizungu wa pamishoni pano wabwerera kwawo. Wandisiyira ngalawa yake ya thanga, ili pangolo ya matayala awiri. Ndine mphunzitsi, nkhafi sindinaigwirepo. Komabe ndalonjeza apongozi aakazi kuti Loweruka ndiwaolotsa ndekha kupita ku ukwati kutsidya. Mayi akunyumba angondiyang'ana.
Zofunika: galimoto yokoka, amuna asanu, mphepo.

Lachiwiri
Matayala onse ndi akuphwa. Ndikupopa ndi pampu ya njinga kuyambira poweruka. Msana.

Lachitatu
A Chikoko, dalaivala wa mishoni, abwera ndi galimoto. Kutsogolo amaitha. Kubwerera chambuyo ndi ngolo ndiye ayi: akakhotera kumanja, ngalawa ikulowera kumanzere. Zowonongeka: thandala la usipa la eni ake, nthochi ziwiri, mpanda wanga. "Ngolo iyi ili ndi nzeru zake," atero a Chikoko, n'kumasula, n'kumapita.

Lachinayi
Tizingokankha ndi manja. Koma amuna onse ali ku msonkhano wa chipani, inenso ndili komweko, kadi m'thumba. Tawomba m'manja mpaka dzuwa kupendeka. Zikhato zatupa, palibe wofuna kukankha kanthu.

Lachisanu
Asodzi atuluka mumzikiti, Che Saidi abwera ndi anzawo anayi. Akuti mlongoti wa thanga tikaimike kugombe. Ine ndikuti pompano pakhomo, ndinawerenga m'buku. Panjira pali mtengo wa mango. Milongoti tsopano ilipo iwiri. Tailumikiza ndi mphira.

Loweruka
Apongozi afika ndi chitenje chatsopano ndi nkhuku ya mphatso. Ndawakweza ngalawa ikadali pangolo kuti asanyowe. Potsetsereka pa simenti paja wansembe ankatsitsira pali ndere. Taterereka tonse, ngolo yatipulumuka, phava m'madzi.
Ngalawa ikuyandama bwino ndithu. Ngolo nayonso ikupita, ili kunsi kwake, chifukwa zingwe sindinamasule. Apongozi akhala tsonga, nkhuku pamiyendo, akutalikira pang'onopang'ono osatembenuka. Ine madzi m'chiuno, ndikukuwa malangizo.
Che Saidi awatsatira pa boti lawo la injini, awasamutsa, n'kupitirira nawo kutsidya.

Lamulungu
Ngalawa yakodwa m'bango, ana akudumphirapo. Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wautali kuposa masiku onse. Apongozi abwerako masana, akuti ukwati unali wokoma. Andigwira dzanja mwaulemu.
"Akamwini, choko n'chopepuka. Chigwiritseni."
Mawa masamu, Sitandade 5.