Kompyuta Ilibe Mlamu

Lolemba

Lero ndiye lero! Gulu lathu la alimi a mkaka kuno ku Palabana lili ndi thole limodzi, olifuna 23. Maere ndi Loweruka. Chaka chatha maina anatuluka m'chipewa cha ba Tcheya, ng'ombe n'kupita kwa mlamu wawo, ndipo anthu akunong'onabe. Ine mlembi ndaimirira pamsonkhano: chipewa chipume, kompyuta ilibe mlamu!

Pulani yanga:
- pulogalamu ya C, chilankhulo cha makompyuta chija ndinaphunzira kukoleji ndisanabwerere kukhola
- aliyense alandira kapepala ka zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, zotoledwa mwachisawawa, monga K7TQ2M
- makina asankha kapepala kamodzi, mwini wake akoka thole

Anthu awomba m'manja. Ba Tcheya angoti, "Tizaona." Aone ndithu! Chimwemwe chadzaza tsaya.

Lachiwiri

Ndakama msangamsanga, laputopu pathebulo. Zilembo ndi manambala 36, rand(), lamulo lotola mwachisawawa, ikutola chimodzichimodzi. Mizere khumi ndi iwiri basi! Ndadina. Zilembo zatuluka, koma zakoka mchira: timabokosi, timizere, zinyalala zokhazokha. Ndaiwala '\0', kachizindikiro kouza C kuti mawu athera apa. C ili ngati ng'ombe, ukasiya chipata chotsegula imakadya m'munda wa eni.

Ndatseka chipata. Zoyera mbee! Ndikuvina ndekha pabalaza. Mkazi wanga, amake Dalitso, asuzumira: "Mwamwa chani m'mawa muno?"

Lachitatu

Chionetsero pamaso pa komiti, pansi pa mtengo kumene timaperekera mkaka. Ndavala tayi.

Kuyesa koyamba: wapambana wa nambala 7 pamndandanda. Ndani? Apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Tonse tikuseka.
Kachiwiri: apongozi. Akuseka ochepa.
Kachitatu: apongozi, zilembo zomwezo. Ndikuseka ndekha.

Ba Tcheya: "Kanshi na kompyuta yanu inakwatila kwamene uko?"

Tayi ikundithina. Manyazi andigwira, koma sindigonja. Likapanda kuyera dzina langa Loweruka, ulembi watha, ndipo pano adzanditcha wakuba ng'ombe mpaka kumanda.

Lachinayi

Ndachipeza! rand() imafuna mbewu, nambala yoyambira, ndipo wofesa wake ndi srand(). Ukapanda kuipatsa, imayambira pa mbewu yomweyomweyo nthawi zonse, zokolola n'kukhala zomwezo. Mlimi wathunthu kuiwala mbewu! Ndaipatsa nthawi ya pawotchi, popeza imasintha sekondi iliyonse. Nzeru zimenezo!

Njinga, liwiro, mpaka ku Chalimbana kukasindikiza. Osayang'ana n'komwe. Kunyumba amake Dalitso akudula timapepala ndi sizasi, kenaka aima: "Nanga vonse vilingana monga mazila?"

Zoona. Timapepala 23, zilembo zofanana. Ndaika srand() mkati mwa lupu, gawo lobwerezabwereza, ndiye ikufesanso mbewu pa munthu aliyense, ndipo makina amaliza onse sekondi isanathe. Thole limodzi, opambana 23. Miyendo ikuwawa.

Lachisanu

srand() kunja kwa lupu, kamodzi kokha. Ndayesa maulendo makumi asanu. Opambana akusinthasintha: ba Njovu, amake Grace, ngakhale ba Tcheya! Ikugwira! Ikugwira! Ku Chalimbana kachiwiri, ulendo uno ndawerenga kapepala kalikonse.

Madzulo apongozi afika, dengu la mbatata pamutu. Akhala patali monga mwa mwambo, akulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve: "Uwauze atate ake Dalitso, namvela vamene anichitila pa Chitatu. Mulungu awadalitse."

Mayo ine! Mkamwini sangatsutse apongozi maso ndi maso. Ndatuma amake Dalitso akafotokoze za mbewu ndi lupu. Uthenga umene wafika kwa apongozi: "Akuti zikomo kandolo." Kandolo ndiye mbatata kuno kwathu.

Pobwera, dengu linadzera pamjigo. Pamjigo panali akazi a ba Tcheya.

Loweruka

Anthu thithithi. Timapepala tagawidwa. Kuti pasakhale chonena, ndapempha ba Tcheya adine okha. Adina ndi chala chimodzi, ngati akugwira mphika wotentha. Ndikuwerenga mokweza: R4WX9B. Aliyense maso pakapepala.

Kenaka nthungululu. Apongozi.

Mwa anthu 23! Ndipo lero n'zoona, mwayi weniweni! Ndikufuula kuti onani mbewu, onani lupu, ndatembenuzira laputopu kwa anthu. Ndani akuyang'ana? Wina kumbuyo: "Kandolo yagwila nchito!" Wina: "Bweletsani chisote chabe!"

Kuti ndipulumutse dzina, ndanena ndi pakamwa panga: tibwereze m'chipewa. Chipewa chatulutsa ba Njovu. Wodandaula palibe. Apongozi anyamuka, akutumula chitenje, apita osatsanzika.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni ndi manja awiri, ati ndine munthu woona. Ulembi ndausunga. Ba Tcheya alengeza kuti chaka chamawa ndi chipewa.

Amake Dalitso ayankhula kamodzi tsiku lonse: "Makina anawapasa, imwe mwawapoka." Thole linali la apongozi ndithu, ndipo amene tikudziwa ndife awiri, ine ndi kompyuta.

Ndayendetsanso pulogalamu kakhumi. Ikugwira bwino kwambiri, mpaka kukwiyitsa.

Masana apongozi abwera kudzatenga dengu lawo. Aima patali, auza mwana wawo: "Na kandolo yamene yasala, ubwezemo."