Nkhondo ya Zipewa Ziwiri za Clegg

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, mumve za masiku aja utsi wa malasha unkaphimba London, pamene amuna olemekezeka ankasenza zipewa zazitali ngati mitondo, ndipo ku Nyumba ya Malamulo aphungu anali ambiri koma mipando yochepa, moti wofuna malo ankalawira, n'kuvula chipewa chake, n'kuchisiya pampando kuti chimusungire.

M'masiku amenewo kunali Sir Peregrine Wraxley, phungu wa Nether Combe, Mkango wa Ndevu Zofiira, Mliri wa Nkhandwe, Iye Amene Sanayankhulepo. Mpando wa pangodya unali wake. Agogo ake anawodzerapo, bambo ake anawodzerapo, iyenso anali atawodzerapo mpaka imvi, ndipo ankaukonda kuposa anthu amene anamusankha.

Tsiku lina anapezapo chipewa chachilendo, chonunkhira sopo. Mwini wake anali Obadiah Clegg, phungu watsopano wakumpoto, wolemera ndi sopo yemweyo. Sir Peregrine anamupeza akudya nyama ya nkhosa, chipewa china chili neng'a pamutu.

“Bambo Clegg, muli ndi mitu ingati?”

“Umodzi, Sir Peregrine, koma umagwira ntchito. Wanuwo bwanji?”

Koma abale, chipongwe chake! Mwambo unkati chosunga mpando chikhale chochokera pamutu pako, osati chapadera. Madzulo ake, ngwazi yathu inaimirira m'Nyumbamo koyamba chisankhidwire, aphungu akunong'onezana kuti kodi mkuluyu ndi ndani.

“A Sipikala,” inabangula, “makolo athu anagwetsa mafumu, anawoloka nyanja, koma sanaonepo munthu wa mutu umodzi ndi zipewa ziwiri. Lero chipewa, mawa ufumu wonse!”

Sipikala anagamula kuti Clegg achotse katundu wake. Clegg anachotsa. Sir Peregrine anaika chipewa chake pampando wa makolo, koma poti kuyankhula kunali kutamukomera, anapitiriza. Anatchula Aroma, mtengo wa barele, ulemu wa akavalo, ndipo atatha mpweya anadzigwetsa pampando mwaulemerero.

Phwa!

Nyumba yonse inafa nacho chiseko. Sipikala anathokoza Mulungu kuti mutu sunali m'chipewamo. Ngwazi inatola chipewa chake chophwanyikacho, mtima ukuwawa, pakuti wopanda chipewa sakanasunga mpando, ngakhale kutuluka mumsewu anthu akuona. Ndipo m'Nyumba monsemo, wa chipewa chapadera anali mmodzi yekha.

“Tengani, achimwene,” anatero Clegg. “Ine mutu ndi umodzi, paja mwanena nokha.”

Mtendere unasainidwa pa mbale ya nyama ya nkhosa, mabelu a Nether Combe analira, ngakhale kumeneko palibe ankadziwa chifukwa chake. Chipewacho chinkamufika Sir Peregrine m'makutu, koma chinamusungira mpando wa pangodya mpaka imfa. Sanayankhulenso. Ankangowodzera, akununkhira sopo.